Ndani Anapha Macbeth, Amalume?

Mlongo wanga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Pretoria ndipo amagona komweko, choncho mwana wake wamkazi amakhala ndi ine ndi mkazi wanga ku Boitekong, kunja kwa Rustenburg. Kwathu ku Dedza malume ndiye mwini mbumba: mwana akalakwa anthu amafunsa malume, akakhoza malume amalandira nawo ulemu. Mu 2023, chaka chimene mtsikanayu ankalemba matiriki, ulemu umenewo ndinaufuna mopyola muyezo.

Ine ndimawotcherera zitsulo pa kampani ina yaing'ono yopatsidwa ntchito m'migodi ya platinamu. Anzanga kumeneko, Atswana ndi Axhosa, amandidziwa ngati Mmalawi wa Chingelezi chabwino. Sukulu ndinafika Fomu 4, ndipo tinawerenga Romeo and Juliet. Ndiye tsiku lomwe mwanayo anaika buku patebulo nkunena kuti, "Amalume, Chingelezi cha Shakespeare chandikanika," ndinayankha msanga kuti ameneyo ndimamudziwa bwino. Bukulo linali Macbeth, gawo la malikisi 35 mwa 70 a pepala lachiwiri la Chingelezi. Ndinali ndisanalitsegulepo chibadwire.

Kuyesa ndinayesa. Chaka chimenecho magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ndinakhala nalo bukulo pa kandulo usiku uwiri. Ndinapitirira afiti atatu a koyambirira kwa bukulo, ndinafika pomwe msilikali wovulala akufotokozera mfumu Duncan za nkhondo, mawu nkundikanika, maso nkulemera ndi utsi wa zitsulo wa tsiku lonse. Pamenepo ndikanangomuuza mwana kuti nanenso landikula. M'malo mwake, m'mawa ndili mu takisi yopita ku shafti, ndinalemba pa foni dzina la Macbeth, mfumu ya ku Scotland. Zomwe zinabwera zinali zomveka bwino: anakhala mfumu mu 1040 Duncan atafa pankhondo pafupi ndi Elgin, analamulira zaka 17, ndipo mu 1057 anaphedwa ku Lumphanan ndi gulu la Malcolm, mwana wa Duncan. Ndinakopera zonse m'kope. Sindinadziwe kuti imeneyo ndi mbiri ya munthu weniweni, pomwe sewero lomwe Shakespeare analemba cha m'ma 1606 linatenga njira yake.

Mbiri inamveka kwa oyandikana nafe kuti amalume a uje akuphunzitsa Shakespeare. Makolo atatu anatumiza ana awo, aliyense R50 pa sabata, ndipo ndinalandira. Loweruka masana tinkakhala pa makreti kuseri kwa nyumba, fumbi la m'migodi likuyera pa makope, ine nditaimirira ndi kope langa.

Tsiku limodzi ndi limene limandiwawa mpaka lero. Nditanena kuti Malcolm ndiye anapha Macbeth, mwana wa mlongo wanga anakweza mutu. "Koma amalume, aphunzitsi anati ndi Macduff." Ana enawo anandiyang'ana. Ndinamva kutentha m'makutu. Ndinati mayina awiriwo amafanana, mwina anamva molakwika, ndipo ndinamuonetsa chaka cha 1057 m'kope langa ngati umboni. Anakhala chete kanthawi, kenaka anatenga bolopeni nkufufuta zomwe analemba m'kalasi. Dzanja lake ndikuliona: anadutsitsa mzere kawiri pa dzina lolondola, pang'onopang'ono, chifukwa malume wanena.

Mayeso oyeserera anabwera mu Seputembala. Mtsikanayo atabwerako anandiuza kuti panali funso lofunsa chifukwa chake ulosi wa afiti sunamuteteze Macbeth kwa amene anamupha, ndipo iye anasowa chogwirizanitsa ndi Malcolm koma analembabe. Usiku womwewo onse atagona ndinatsegula masamba omaliza a bukulo. Zinali poyera. Macbeth anauzidwa kuti wobadwa kwa mkazi sangamuphe, koma Macduff anachita kutulutsidwa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane, ndipo ndiye akulowa atanyamula mutu wa Macbeth. Ndinabwerera kumayambiriro ndi mtima ukugunda. Duncan sanafere kunkhondo. Anabayidwa ali m'tulo, ali mlendo m'nyumba ya Macbeth ku Inverness, ndipo mkazi wa Macbeth anapaka magazi alonda kuti mlandu ugwere iwo.

Ndinakhala chete masabata atatu, ndipo ili ndilo tchimo lalikulu kuposa loyamba lija. Loweruka awiri ndinati ndatopa, lachitatu ndinati kuli ovataimu. Ndalama za anthu zinali m'kachitini pansi pa bedi. Usiku uliwonse ndinkawerenga sewerolo ndi dikishonale ya mwanayo, mzere ndi mzere, ndipo linkandilasa posayembekezera. Macbeth atapha Duncan sanapeze mpumulo. Anaphetsa mnzake Banquo kuti atchinge choyambacho, mzimu wa Banquo nkumukhalira pampando paphwando, kenaka anaphetsa mkazi ndi ana a Macduff ku Fife omwe sanamulakwire kanthu. Ine sindinakhetse magazi a munthu, ndipo sindikudziyerekeza ndi mfumu. Koma kachitidwe kobisa cholakwa ndi cholakwa china ndinakazindikira, chifukwa ndinali mkati mwake. Nditafika pomwe mkazi wa Macbeth akuyenda m'tulo ndi nyali, akupukuta m'manja mopanda banga looneka, ndinatseka buku nkutuluka panja. Kutali magetsi a pa shafti ankawala, ife tili mumdima.

Mkazi wanga ndiye anandifunsa chomwe chikundidya. Nditamuuza, sanandikalipire. Anangoti mayeso enieni atsala milungu yochepa, ndipo mwana akulowezabe za m'kope langa.

M'mawa mwake ndinamuitana mtsikanayo. Ndinamuuza kuti aphunzitsi ake ankanena zoona, kuti bukulo ndinali ndisanaliwerenge, kuti ndinamutsutsa pamaso pa anzake poopa manyazi. Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndinadziwa pamene pepala linabwerera, amalume. Ndimaopa kukuuzani." Anakatenga pepalalo m'chikwama. Pa gawo la sewero panali 11 mwa 35. Analisunga sabata yathunthu kuti asandichititse manyazi.

Ndinaimbira mlongo wanga, ndipo zomwe anandiuza zikhale za pabanja. Ndinayenda khomo ndi khomo kubweza ndalama ndi kuwauza makolowo kuti ana awo ang'ambe zomwe ndinawalembetsa. Bambo mmodzi analandira ndalama yake osandipatsa moni.

Masabata otsalawo tinkakhala patebulo awiri. Iye ankawerenga mokweza ndi kufotokoza monga anamvera m'kalasi, ine ndinkasaka mawu mu dikishonale ndi kusuntha kandulo. Usiku wina tinafika pomwe asilikali a Malcolm akudula nthambi m'nkhalango ya Birnam kuti abisale poyandikira Macbeth ku Dunsinane. Anaima, natsegula kope lake pa tsamba lija, nalembanso dzina la Macduff pamwamba pa mizere iwiri ija. Kenaka anandikankhira buku.

"Werengani inu gawo la mthenga, amalume. Ine ndikhala Macbeth."