Malungo a galimoto yanga

Kuno ku Yofu munthu wokhala ndi galimoto safunika kutchulidwa dzina. Anthu amangoti "agalimoto aja", basi aliyense wadziwa. Chilumba chonse cha Likoma ndi masikweya kilomita 18 okha, moti wamiyendo yabwino akalawirira amafika ku Mbamba, kugula sopo, n'kubwerako nsima ya masana isanaphulidwe. Mukandifunsa kuti galimotoyo ndimatani nayo, ndimanyamulira matumba a usipa tsiku la Ilala. Mukafunsanso kuti nanga ndinaikwezeranji m'mwamba, miyala ya mumsewu inkaikanda kumimba. Mayi akunyumba ali ndi yankho lawolawo, loti ndinkafuna anthu azindionera patali ndisanadutse pamlambe, koma iwowa za magalimoto sazidziwa.

Masipuling'i ataliatali ndi mashoko ake zinabwera pasitima kuchokera ku Nkhata Bay. Anamanga ndi makanika wathu, yemwe ntchito yake yeniyeni ndi injini za maboti. Galimoto inatalika ndi mainchesi awiri, apongozi pokwera n'kumafuna wowagwira dzanja. Ulemu wanga nawo unakwera.

Kenaka inayamba kunjenjemera. Ndikangoponda moto ponyamuka, pansi pampando pamamveka ndrrr, ndalama zachitsulo m'kabokosi n'kumavina beni, galasi loonera kumbuyo n'kumandionetsa anthu awiriawiri. Tsiku lina ndinapatsa moni alamu anga kawiri.

"Bambo ake, imeneyi ndi malungo," anatero mayi akunyumba. "Kaiyezetseni magazi."

Amalume anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anati nkhani yake ndi yapoyera: munthu sungakweze chinthu chako kuposa cha anzako m'mudzi n'kumagona tulo. Ndinawakumbutsa kuti tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene anayamba kuchimanga mu 1903, chinakhala pamalo pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndiye zimenezo zinatha. Anangondiyang'ana mondimvera chisoni n'kupempha ya fodya.

Makanika wathu naye analowa pansi, nasolola shafiti yopita kumatayala akumbuyo, naigawa pakati, naipaka girizi, naibwezera. Kunjenjemera kuja kunawonjezeka, mpaka mano kumagundana. Iye anati ndiye kuti girizi wayamba kugwira ntchito.

Amene anandithandiza ndi mwana wa mlongo wanga, wophunzira zokonza magalimoto ku Mzuzu, mnyamata amene dzulodzuloli ndinkamupukuta mamina. Pafoni anayamba kundifunsa mafunso apolisi.

"Amalume, mukaimika galimoto, giya ili pa nyutulo, n'kuponda moto, ikunjenjemera?"

Sinkanjenjemera.

"Ndiye injini isiyeni, ilibe mlandu. Nanga mukumva m'manja pa chiwongolero kapena pomwe mwakhalira?"

"Iwe, ndine malume ako."

"Pepani amalume, koma yankhani."

Anafotokoza kuti tayala lopindika kapena limu yodzaza matope zimagwedeza mwapang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri zimamveka m'manja galimoto ikathamanga makilomita 80 kapena 100 pa ola. Shafiti imazungulira pafupifupi kanayi tayala likazungulira kamodzi, choncho kunjenjemera kwake n'kwafupipafupi, kumadzera pansi ndi pampando. Anati ndiithamangitse mpaka 80 ndimve. Ndinaseka mpaka mayunitsi kutha. Pamsewu wa ku Yofu ukafika 30 ndiye kuti mabuleki aduka, komanso msewuwo umagwedeza wokha, moti kusiyanitsa matenda a galimoto ndi matenda a msewu kumafuna munthu wa mphatso. Malo osalala bwino amene ndimawadziwa ndi bwalo la ndege, ndipo kumeneko galimoto yonunkha usipa siyesererako liwiro.

Tinachita zomwe zikanatheka. Ndinakokota matope m'malimu, matayala akutsogolo ndinawapititsa kumbuyo: palibe chinasintha. Ndinazindikiranso kuti ndikachotsa phazi pamoto potsetsereka kunjenjemera kumachepa, ndikaponda pokwera mtunda kumabwerera. Mnyamata uja atamva zimenezi anati tichonge ndi choko pomwe shafiti yakumbuyo imalumikizana ndi difu komanso kutsogolo kwake, timasule mabawuti, tiichotseretu, ndiyende pang'ono ndi matayala akutsogolo okha mu 4H. Galimoto inayenda mwakachetechete, ndalama zija zili duu m'kabokosi. Wakuba anagwidwa.

Apa mpamene ndinalandira phunziro laulere. Kumapeto onse awiri a shafiti kuli jointi yooneka ngati mtanda. Jointi imeneyi ikamagwira ntchito itapindika, shafiti sizungulira mofanana: imafulumira n'kuchedwa kawiri pa kuzungulira kumodzi. Jointi yachiwiri ndi imene imafafaniza zimenezo, koma pokhapokha itapindika mofanana ndi inzake, ndiponso makutu a majointi awiriwo atayang'ana mzere umodzi. Zili ngati anthu awiri opalasa bwato: wakumanja akakoka nkhafi mwamphamvu, wakumanzere ayenera kubweza chimodzimodzi, apo ayi bwato lizingozungulira pamodzimodzi. Ukakweza galimoto, giyabokosi imakwera limodzi ndi thupi, difu n'kutsala pansi ndi matayala, shafiti n'kupendekeka kwambiri. Amisiri amafuna kuti jointi iliyonse isapindike kupitirira madigiri atatu, ndipo ziwirizo zisasiyane kuposa digiri imodzi. Akuti jointiyi imatchulidwa ndi dzina la Cardano, katswiri wa ku Italy wa zaka za m'ma 1500, ndipo Robert Hooke wa ku England anaifufuza bwino m'ma 1600. Tangoganizani, azungu awiri amene sanalaweko kondowole anadziwiratu vuto langa ine ndisanabadwe, osanditumizira ngakhale uthenga.

Tinagona pansi pa galimoto ine ndi makanika, foni ili ndi kapulogalamu koyezera kupendekeka, ana a mudzi wonse atatizungulira. Jointi yakutsogolo ndi yakumbuyo zinasiyana kutalitali. Tinapezanso kuti tsiku la girizi lija zigawo ziwiri za shafiti zinalowetsedwa molakwika ndi mano angapo, makutu osayang'anizana. Makanika anati m'boti mulibe zinthu zachibwana zotere. Tinasolola, tinalunjikitsa, tinamanga. Mano anga anasiya kugundana, koma ka ndrrr koyamba kaja kanatsala.

Mankhwala ake akuti ndi tizitsulo topyapyala mbali imodzi, toika pakati pa masipuling'i ndi ekiselo kuti mphuno ya difu itembenuke pang'ono. Zikakanika pamenepo, pali shafiti ina ya majointi awiri mbali imodzi, imene mtengo wake mnyamata uja anaunena ine n'kudula foni. Tizitsulo ndatiitanitsa, tikudikira sitima.

Pakadali pano ndatulukira njira yanga, imene ku Mzuzu sanaiphunzitse. Tsiku la Ilala, matumba a usipa atadzaza kumbuyo, galimoto inatitimira, shafiti inawongoka, kunjenjemera kunatheratu. Kuyambira pamenepo sindinyamuka wopanda katundu. Usipa ukasowa ndimatenga apongozi, amalume ndi amayi awiri onenepa bwino a m'kwaya, ulendo waulere mpaka ku Mbamba. Amalume amauza aliyense kuti galimoto imachira iwo akangokhalamo, ndipo ayamba kutchula za kangachepe.

Lamulungu lapitali, onse atakwera, mayi akunyumba anathyola kamtengo n'kuyeza kuchokera pansi mpaka pachitseko.

"Bambo ake, msinkhu uwu si womwe uja inali nawo musanagulitse mbuzi zanga?"

Ndinawauza kuti akwere, tachedwa ku Misa.