Mkangano wa pakakhumbi ka mafoni

Pamsika wa Lunzu pali kakhumbi kamene mnyamata wina amatchajirapo anthu mafoni ndi mphamvu ya sola. Magetsi akazima, benchi yake imadzaza, ndipo pamene anthu akhala modikira sipasowa nkhani.

Tsikuli anaiputa ndi mtsikana wa Folomu 4, buku lili pamiyendo, akukonzekera mayeso a MSCE.

"Aphunzitsi," anatero kwa bambo wa imvi amene anapuma ntchito kalekale, "mawu awa akuti 'charge' andizunguza mutu. Tsamba lililonse akubwera ndi tanthauzo lina."

"Chovuta n'chiyani pamenepo?" analowerera mwini kakhumbi. "Tchaji ndi iyi. Foni yatha moto, ndailumikiza, yadzaza."

"Nanga ndalama umatidula zija?" anafunsa mayi wogulitsa tomato. "Dzana unanditchaja kawiri, ati kunja kuli mitambo. Imeneyo si tchaji?"

Kondakitala wa minibasi anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Inu mukukamba zachibwana. Ine ananditchaja mlandu wopakira anthu anayi pampando wa atatu. Wonditchajayonso ankamutchula kuti intchaji."

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. Anati Angelezi mawuwa anabwereka kwa Afalansa, ndipo muzu wake uli m'Chilatini, pa "carrus", kutanthauza ngolo. Poyamba ankanena za kulongedza katundu m'ngolomo. Ngakhale "car", galimoto ija, inachokera komweko.

"Tsono taonani," anapitiriza akuwerenga zala. "Foni mwaisenzetsa moto. Mayi awa mwawasenzetsa mtengo. Iwe anakusenzetsa mlandu. Intchaji uja anamusenzetsa ofesi. Ponseponse pali wosenza ndi chosenzedwa."

Mtsikana uja analemba msangamsanga m'mphepete mwa tsamba.

"Komatu amenewa ndi ochepa," anatero aphunzitsi. "Mu Oxford English Dictionary ya 1989, kamawu ka zilembo zitatu, 'set', kanali ndi matanthauzo 430. Ataiunikanso, pofika 2011 anapeza kuti 'run' waposa, matanthauzo 645, pamenepo n'kungowerenga mneni yekha. Munthu akamathamanga, 'run'. Madzi akamatuluka pampopi, 'run'. Mphuno ya chimfine, kuyendetsa golosale, kuima nawo pachisankho, zonsezo 'run'."

"Ndiye kuti azunguwa mawu anawathera," anagamula kondakitala. "Umphawi umenewo."

Mayi wa tomato anamuyang'ana cham'mbali. "Umphawi? Achimwene, ine ndimakhala pansi pa mtengo n'kumakuuzani mtengo wa mulu umodzi. Munayamba mwasokonezekapo? Moto wa pamafuwa ndi moto wa mufoni, ndani anaphikirapo nsima pafoni? Mwana amadya phala, msungichuma wathu wa banki m'khonde anadya ndalama, dzimbiri ladya malata. Pakamwa n'pamodzi?"

Apa benchi yonse inagwa nacho chiseko, ndipo aphunzitsi anavomera ndi mutu. Anati m'chinenero chilichonse mawu amene amatumidwatumidwa tsiku ndi tsiku ndi amene amatola matanthauzo ambiri, pamene mawu aatali a m'mabuku amakhala ndi limodzi kapena awiri basi.

"Choncho mwana wanga, usaloweze mndandanda. Mawu ali ngati mlendo pamudzi, umamudziwa poona amene wafika nawo. Ukaona batire pafupi, ndi moto. Ukaona khoti, ndi mlandu. Ukaona kwacha, pisa m'thumba."

Mtsikana anatsegula tsamba lina, nkhope ili gwaa. "Nanga apa, aphunzitsi? Akuti njati inachita 'charge' mlenje. Palibe batire, palibe khoti, palibe ndalama. Katundu wanu uja ali kuti?"

Aphunzitsi anakanda m'mutu, akufunafuna poyambira. Mayi wa tomato sanadikire.

"Katunduyo ndi njati yomweyo, mwana iwe. Funsa mlenje amene inamugwera."