Kuseka Patali: Za ku Moatize ndi Zóbuè

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa korona, pulezidenti wa Mozambique wa nthawiyo, Filipe Nyusi, n'kulamula kuti kuyambira pa 1 Epulo anthu achepetse kuyendayenda, wailesi inayamba kulangiza makolo kuti ana azitanganidwa ndi zaluso. Akuti zipangizo musagule, gwiritsani ntchito zomwe muli nazo m'nyumba. Anthu akwathu anamva. Anamva mpaka kupitirira.

Mnyamata wina ku Moatize anamva kuti makala amajambula bwino. Anakoka thumba lonse la amayi ake n'kulimalizira pakhoma: nyumba, mbuzi, mpando, mpoto. Madzulo amayi aja akuti asonkhe moto, m'thumba muli fumbi lokha. "Iwe, nsima tiphikira chiyani?" Mnyamata analoza kukhoma. "Amayi, mbaula ndajambula apo, ndipo yayaka kale."

Mng'ono wake ndiye ankangoyang'ana sitima ya malasha ikudutsa, mabogi osatha kuwerenga. Bambo ake anamuuza kuti malashawo akupita kudoko la Nacala, kenako pa sitima yapamadzi mpaka ku India. Mwana uja anakhala phee, kenako: "Ababa, khoma la ana a ku India ndi lalitali bwanji?"

Ku Zóbuè agogo ena aamuna anamva kuti kumsika salola munthu wopanda chophimba kumaso, ndipo mungathe kudzipangira nokha. Anatenga sompho, nasema chigoba chamtengo cha mano ngati a ng'ona, nasomeka nthenga za tambala pamwamba. Atangolowa mumsika, amayi a tomato anamwazikana, wa mbatatesi anasiya ndowa. Mdzukulu anawanong'oneza kuti boma likunena kansalu chabe. Agogo anayankhira m'kati mwa chigoba: "Kansalu kako amakusiyira mita imodzi ndi theka. Ine andisiyira msika wonse."

Mayi wina anatulukira luso losoka mamasiki. Makapulana atatha, anatsegula sutikesi ya mwamuna wake. Lamlungu bambo uja akutulutsa malaya ake apatchalitchi anapeza kolala ndi mabatani basi. "Musadandaule bambo a mwana, matchalitchi ndi otseka." Bambo anatuluka mwakachetechete. Panjira anakumana ndi mnzake atavala masiki yamizeremizere, naiyang'anitsitsa. "Achimwene, limene mwavala pakamwalo ndi thumba langa. Munali mametikali 50."

Kamtsikana kena kanaumba mbuzi 12 zadongo n'kuziyanika pakhonde. Amalume ake anaimbira foni alamu awo a ku Mwanza, ku Malawi, podziwa kuti pachipata cha Zóbuè anthu sakudutsa mwachisawawa. "Alamu, kuno zinthu zatiyendera. Pakhomo pano pali mbuzi 12, zosadya chimanga cha eni ake." Chipata chitatseguka alamu anatulukira ndi chingwe kuti abwerekeko yaikazi imodzi. "Pepani alamu, mwachedwa. Mvula yoyamba ija zonse zinasungunuka."

Mnyamata wina anapanga chapa (minibasi) yamawaya yokongola, mawilo a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chofika m'chiuno. M'kati anaikamo timiyala titatu tokha, akuti boma lachepetsa okwera. Bambo ake anaombera m'manja, kenako mtima unagunda. "Mawayawa wawapeza kuti?" "Kukhola la nkhuku." "Nanga nkhukuzo?" "Zatalikirana, ababa, monga mwa lamulo."

Wailesi inatinso utoto mungathe kuupanga kuchokera ku zomera: wobiriwira ku masamba, wachikasu ku maluwa. Mphunzitsi wina wa ku Malabwe anafuna wofiira. Anasinja piripiri wodzaza mbale, nathira timadzi, najambula dzuwa likulowa pa mtsinje wa Revúbuè, chala chikugwira ntchito ya burashi. Chithunzi chinakongola mpaka iye mwini misozi inalengeza, naipukuta ndi chala chomwecho. Kuchokera tsiku limenelo, m'boma lonse la Moatize panalibe amene ankasunga lamulo losagwira m'maso kuposa iye.

Bambo wina, mowa utatsekedwa m'mabaraka, anati ajambule mkazi wake. Anakometsa mphuno, nachepetsa chiuno, nawonjezera tsitsi. Mkazi anayang'ana pepala. "Ameneyu ndani? Mumakumana naye kuti?" Bambo anafufuta msanga n'kujambulanso monga mmene maso akuonera. Mkazi anayang'ananso. "Eti! Ndiye mumandiona chonchi?" Usiku umenewo lamulo lotalikirana linafika mpaka kuchipinda.

Agogo aakazi ena mdzukulu anawapempha kuti awajambule. Anasamba, nadzola mafuta, namanga duku latsopano, nakhala pampando akumwetulira. Mdzukulu anatulutsa pensulo. Patapita ola lathunthu nsagwada zinayamba kuwawa. "Mwana iwe, sunathebe?" "Ndamaliza khutu limodzi, agogo." "Kamera yakoyo ndi ya nthawi ya Apwitikizi."

Kutentha kwa ku Tete mukukudziwa. Mayi wina anagulira mwana wake makrayoni mumzinda, mwana n'kuwaiwala pazenera mwezi wa Okutobala. Pofika masana onse anali atasungunuka, mitundu itasakanikirana pa kope. Azakhali ake atabwera anatamanda: "Mwanayu ali ndi dzanja! Wajambula chiyani?" Mwana anati, "Si ine, azakhali, ndi dzuwa." Azakhali anagwedeza mutu. "Ana a masiku ano, homuweki mpaka kulembetsa ganyu."

Achipatala analangiza kuti popanda sopo tisambe m'manja ndi phulusa. Kamnyamata kena kanali katasakaniza kale phulusa ndi madzi kuti kapange utoto woyera, n'kudzipaka thupi lonse kuyesa ngati ukugwira. Amayi ake anakuwa: "Pita ukasambe!" Iko kanati, "Amayi, inu mwasamba m'manja mokha. Ine ndasamba mpaka kumsana."

Sukulu zitatsegulidwa, mphunzitsi anauza ana kuti aliyense abweretse chimene anapanga ali kunyumba. Wina anabwera ndi galimoto, wina mphika, wina mpira wa mapulasitiki. Kamtsikana kena kanabwera chimanjamanja. "Iwe kwanu simunapange kanthu?" "Tinapanga, aphunzitsi, koma ndi amayi ndi ababa. Sindikanatha kubwera naye, akuyamwa."

Amene mwaseka, sekerani m'chigongono. Tionana ulendo wamawa.