Dzanja la Luso

Kwa Changata ku Thyolo munthu safunsidwa ntchito imene amagwira. Mumangomupatsa moni, maso ali pa zala zake. Wothyola tiyi ali ndi zikhadabo zazifupi ndi zala zodetsedwa ndi madzi a masamba, chifukwa mvula ikakhazikika mu Disembala mpaka cha mu Epulo, chala chachikulu ndi cha mkombaphala zimakhalira kudula masamba awiri ndi kansonga, n'kuponya m'dengu la kumsana. Chikhadabo chipeza kuti mpata wokula? A kalaliki a pa sikelo ndiye ena. Kachala kawo kakumapeto kali ndi chikhadabo chachitali, chopalidwa bwino, ndipo polemba makilogalamu amakaimika m'mwamba kuti mzere wonse uone kuti dzanja ili linatsanzikana kalekale ndi khasu.

Dongosolo limeneli linkayenda bwino mpaka alamu anga, amuna a mlongo wanga, atabwerako ku Limbe ndi gitala yakaunjika.

Chilungamo chake, zimene alamu amanena zili ndi mutu. Woimba gitala amawenga zikhadabo zakumanzere mpaka pamnofu, chifukwa nsonga za zala ndizo zimapanikiza waya pakhosi pa gitala. Chikhadabo chikatalika chimayamba ndicho kugunda thabwa, waya sagwira bwino, mawu amatuluka osasa. Dzanja lamanja ndi limene limaloledwa kusunga pang'ono kuti waya alire mokweza ndi momveka. Koma pang'ono pake ndi pang'ono ndithu, kungopitirira mnofu ngati kanjere ka mpunga. Chikaposa pamenepo chimakola waya, ndipo waya wachitsulo sachedwa kuching'amba. Alamu anamva mbali yoyamba ya phunziroli, mbali yonena za muyezo inawapeza atatuluka.

Lero munthu mmodzi akuyenda ndi manja a anthu awiri. Lamanzere ndi la mlimi, lamanja ndi la bwana.

"Bambo, mawa tilawirire kukapalira chimanga," anatero mlongo wanga tsiku lina madzulo.

"Mayi, khasu limafuna manja awiri. Ine ndatsala ndi limodzi, linali ndi la luso."

"Luso limenelo likudya nsima ya yani?"

Alamu sanayankhe. Anatenga kamwala kosalala n'kuyamba kunola chikhadabo cha mkombaphala, nkhope ili gwaa, kusonyeza kuti ali pa ntchito.

Pamaliro ndi pamene nkhani inakula. Amuna tinakhala asanu mozungulira mbale imodzi ya nsima ndi ina ya nyemba, monga mwa nthawi zonse. Alamu anasamba m'manja mwaulemu, koma atangotema mbamu n'kuviika, tonse tinaona kuti dzanjalo likubwerera ndi katundu woposa wa munthu mmodzi. Gogo wina amene anali phee chiyambire anatsokomola.

"Mwana wanga, ndiwo tikugawirani pambali. Masupuni anu anayiwo m'mbale ya anthu ayi."

Chodabwitsa n'chakuti oimba enieni a kuno alibe nazo ntchito zikhadabo. Anyamata amene amasonkhanitsa anthu pamsika madzulo amakhala atathyola tiyi kapena kusenza nthochi m'mawa. Banjo yawo ndi ya chitini cha mafuta kapena chikopa cha mbuzi, mawaya ndi a mabuleki a njinga, ndipo chokhwatchira chake ndi kapulasitiki kodulidwa ku chigubu chakutha. Kakatayika amadula kena. Wa babatoni amangomenya waya wake mmodzi uja ndi kamtengo, botolo lili kudzanja linalo, fumbi n'kubuka. Alamu akamadutsa pamenepo amapukusa mutu, amati anyamatawo akupanga phokoso chifukwa sanaphunzire kasamalidwe ka zala.

Pabawo alamu anafika pokokera Allan Namoko ku mbali yawo. Namoko, mwana wa konkuno ku Thyolo, anali wosaona, ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, ndipo anamwalira mu 1995 dziko lonse likudziwa mawu ake kudzera pa wailesi ya MBC. Alamu analumbira kuti kulira kwa banjo imene ija n'kwa zikhadabo zazitali basi. Mkulu wina wopuma pa ntchito ya ukapitawo anati bodza, kunali kwa kapulasitiki. Anakangana mpaka bawo inaima. Atafunsidwa amene anaonapo zala za Namoko, onse awiri anavomera kuti anangomumva pa wailesi, koma aliyense anati wailesi yake inkamveka bwino kuposa ya mnzake.

Sindikunena kuti zikhadabo za alamu zilibe phindu pamudzi. Wogula mayunitsi a TNM kapena Airtel pa okala safunanso kandalama kopalira, amangoti, "Alamu, tandipalirani apa." Amayi ofuna kumasula mfundo ya jumbo ya shuga amawaitana. Ana amabwera ndi manachesi kuti awayambitsire kusenda. Ntchito zonsezi amazigwira mokondwa ndi mwaulere. Nyimbo yokha ndiyo sitinaimvebe, chifukwa nthawi iliyonse tikapempha amati zala sizinafike pamuyezo.

Tsoka linagwa mwezi wa Febuluwale. Minibasi inatitimira m'matope pamsewu wodutsa m'minda ya tiyi, kondakitala n'kulamula amuna onse kutsika kuti akankhe. Alamu anayesa kukankha ndi phewa, dzanja lamanja lili m'mwamba, koma galimoto itadzuka mwadzidzidzi anagwira chitseko. Chikhadabo cha mkombaphala chinathyoka. Anachifunafuna m'matopemo mpaka kuchipeza, n'kuchikulunga m'kapepala, poti chikhadabo cha katswiri sichisiyidwa poyera pamene pali oimba ansanje.

Mlongo wanga atamva, anatsamiritsa khasu lachiwiri pakhomo osanena kanthu. Alamu analiyang'ana, n'kufotokoza modekha kuti chikhadabo cha munthu chimakula pafupifupi mamilimita 3 okha pamwezi, choncho kuti chibwerere mwakale pafunika kupirira mpaka anthu atakolola, ndipo m'nyengo yovutayi sichiyenera kukhudza dothi.

Gitala ili pamsomali kuchipinda. Inabwera ndi mawaya 6, pano atsala 4. Awiri enawo mwana wawo wachisamba anatchera nawo misampha ya mbewa kudimba, ndipo bambo ake sanazindikirebe.