Kupendeketsa Mutu ku Cocody

Mukafuna kuoneka munthu wodziwa zinthu mu Abidjan, pitani ku Cocody, dera la mabwana, tsiku lotsegulira chionetsero cha zojambula za Aboudia. Chofunika kuphunzira n'kupendeketsa mutu. Osanyanya ayi, angamati khosi lauma. Pang'ono chabe, kapu ya vinyo kumanzere, diso limodzi lotsinzinira. Kenako mubwerere m'mbuyo mapazi awiri n'kunena kuti "mmm". Mwakhoza.

Mwini zithunzizi, Aboudia, yemwe dzina lake lenileni ndi Abdoulaye Diarrassouba, anabadwa mu 1983. Amajambula ana a mumsewu: mitu ikuluikulu, maso otong'oka, mano onse pamtunda, penti ili chuu, mawu ndi manambala okhwatchakhwatcha pamwamba pa zidutswa za nyuzipepala. Kajambulidweka anakatengera pa zipupa za m'makwalala, pomwe anawo amalembapo maloto awo. Mu 2011, Gbagbo ndi Ouattara akulimbirana mpando wa upulezidenti, mfuti zili pakamwa mumzinda, iye anabindikira m'chipinda n'kumajambula. Chaka chisanathe zithunzizo zinali pakhoma ku London.

Koma zankhondozo musazitchule pano, mungawawitse vinyo. Dzina loyenera kutchula ndi la Basquiat, wojambula wa ku America, ndipo mulitchule msanga wina asanakulandeni. Bwana wina wa suti ya buluu walitchula kale katatu. Mukamufunsa kuti Basquiat anajambula chiyani amakhosomola, koma zoti chithunzi chake china chinagulidwa madola 110.5 miliyoni ku New York mu 2017 amazidziwa kuposa tsiku lobadwa la mkazi wake.

Mkaziyo ndiye wachilungamo. Akunong'oneza mnzake kuti mwana wake wa zaka 6 amajambula zoposa izi, ndipo dzulo lomweli anamukwapula chifukwa chodetsa khoma la pabalaza. Mtsikana wolandira alendo atamuonetsa pepala la mitengo (silipachikidwa poyera, mumachita kulipempha motsitsa mawu), mayiyo anakhala kaye chete, n'kutuluka panja ndi foni. Tinangomva kuti: "Khoma lija musalitsukenso!"

Pakona pali chithunzi chomwe anthu akhala akuchifulatira madzulo onse pojambulitsa nkhope zawo. Basi mtsikana uja wamatapo kadontho kofiira, kusonyeza kuti chagulidwa. Taonani chikhamu! Aliyense tsopano akuti anachiona poyamba ndi iye, ena mpaka akudandaula kuti awaphangira, chonsecho anabwera pa gbaka, minibasi ya kumeneko, n'kutsikira patali kuti asaonedwe. Amene akutsatiridwa kuposa wojambulayo ndi mnyamata wonyamula mbale ya tinyama totokosa ndi kamtengo.

Bwana uja pomaliza wagula chake. Wayankhula mogwira mtima za ana ovutika, dzanja pachifuwa, mpaka mayi wina anapukuta msozi mosamala kuti asafufute zodzola. Potuluka wapeza mlonda akuthamangitsa anyamata atatu opanda nsapato pageti. Mmodzi wazemba n'kufika pa galimoto.

"Tonton, ndakulondererani galimoto."

Bwana wasisita matumba onse anayi. "Ndilibe chenji, mwanawe."

Akuti azikwera, waona kuti pa fumbi la galasi lakumbuyo mnyamatayo wajambulapo ndi chala: chimutu, maso otong'oka, mano onse pamtunda, kuphatikizapo tayi.

"Dalaivala! Fufuta zonyansazi!"