Mmene Mungawonongere Kafukufuku wa Majini a Mabakiteriya

Chiyambire 2000, pamene Kirill Datsenko ndi Barry Wanner a ku Purdue University anafalitsa njira yochotsera jini imodzi pa kromozomu ya E. coli, ntchitoyi yaphweka mochititsa manyazi. Umazula jiniyo, pamalo pake n'kuikapo ina yoteteza bakiteriya ku mankhwala a kanamycin, kenako n'kuona chimene chasokonekera. Inu amene mukufuna kuti digiri yanu idye zaka, tsatirani izi.

Yambani ndi kutentha. Plasmid ya pKD46, yonyamula majini a lambda Red amene amasokerera DNA yatsopano pa kromozomu, imasungika m'maselo pa madigiri 30. Pa 37 imatayika. Choncho ikani botolo lanu pa 37, poti ndi pamene anzanu onse mu labu amaika awo. Shuga wa arabinose, amene amadzutsa majiniwo, musamuthire n'komwe. Wogona sadzutsidwa.

Polowetsa DNA m'maselo ndi magetsi, buku limati muyambe mwawatsuka kangapo ndi madzi ozizira kwambiri kuti mchere uchoke. Inu tsukani kamodzi basi. Mukadina batani mudzamva kuti thu! Kamoto kadzang'anima m'kachubu, maselo onse n'kupsa. Lembani m'kope kuti makinawo ndi akale.

Mwatsoka timadontho tikamera pa mbale ya kanamycin, musavutike ndi PCR yotsimikizira kuti jini yachokadi. Chamera chamera. Paja safunsa anadya phula, koma anakhuta.

Luso lenileni lili pomasulira zotsatira. Majini ambiri a mabakiteriya amakhala pamzere ndipo amawerengedwa pamodzi, monga lacZ, lacY ndi lacA. Mukasokoneza yakutsogolo, majini otsatirawo akhoza kukhala chete, ngakhale simunawakhudze. Zimenezi ziiwaleni. Plasmid ya pCP20, imene ntchito yake ndi kuchotsa jini ya kanamycin ija ikatha ntchito, isiyeni mufiriji. Koposa zonse, musabwezere jini yochotsedwayo m'maselo kuti muone ngati bakiteriya achire. Kubwezera kuli ndi vuto limodzi lalikulu: bakiteriya akapanda kuchira, aliyense adzadziwa kuti mlandu mwaupachika pa jini yosalakwa. Pitani kwa a pulofesa monyadira, muwauze kuti mwapeza ntchito ya jiniyo. Akafunsa za mabakiteriya osakhudzidwa oyerekezera nawo, nenani kuti mbale zinatha.

Ofuna kulephera mosakayikitsa asankhe jini imene bakiteriya sangakhale moyo popanda iyo. Mu 2006, gulu limene linapanga Keio collection ku Japan linachotsa majini 3,985 a E. coli K-12, imodziimodzi, koma majini 303 anakanika. Mndandanda wake ulipo. Musauwerenge, ungakuuzeni kuti jini yanu ili m'gulu la 303 lija, kapena kuti bakiteriya amene mukumuvutikirayo ena anamupanga kalekale.

Pomaliza, kachubu kokasunga mufiriji ya madigiri -80 mukalembe kuti “yatsopano 2”, ndi cholembera chosachedwa kufufutika. Tsiku, dzina la jini ndi dzina lanu musalembe. Wodzabwera pambuyo panu adzayambira pomwe munayambira inu.