Pachigayo pazizira

Kwathu kuno kwa Chowe, ukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kumalunjika ku Namwera, ukafunsa za “a kompyuta” akulozera kwa ine. Ndimataipa makalata ofunsira ntchito, kuthira nyimbo m'mamemore khadi ndi kutchaja mafoni. Makina ake ndi Core 2 Duo, anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Joni. Mtundu umenewu unatuluka mu 2006, ndiye ana amene akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino ayenera kumaipatsa moni atagwada.

Chimene chinkavuta ndi fani. Ukadina batani inkayamba ndi kutsokomola, kenako kubuula, kenako chiphokoso choti anyamata a kabaza anatcha shopu yanga “pachigayo”. Ikafika Okutobala, dzuwa la Mangochi litakwiya, ndiye eeh! Gogo wina anafika ndi dengu la chimanga pamutu, ndipo nditamuuza kuti pano sitigaya anandinena kuti ndine wamwano.

Basi kompyutayo ndinaimanga m'chitenje cha mayi a kunyumba, n'kukwera nayo njinga yamoto ulendo wa ku boma. Mnyamata wokonza atatsegula anayamba wabwerera m'mbuyo. Munali fumbi la misewu yonse ya kwa Chowe, nthenga ya nkhuku, ndi banja la mphemvu limene linkakhalamo osalipira lendi.

“Madala, iyi mumalimira?” anandifunsa.

Anandiphunzitsa ndithu, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikumva. Akuti purosesa ndi kanthu kakang'ono koma kamatentha koopsa, ndiye pamwamba pake amakhazikapo chitsulo cha aluminiyamu chamipatamipata, fani n'kumapemerera. Fumbi likatseka mipatayo fani imathamanga mopitirira, mafuta a m'beringi amauma, kamtengo kapakati n'kuyamba kugwedera. Kulira kuja ndi kumeneko. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera liwiro yokha, zikanyanya imangozimitsa makina. Ine zaka zonsezi ndinkauza makasitomala kuti ndi netiweki, chikhalirecho pashopu panga palibe intaneti.

Mankhwala ake, akuti, ndi fani yokulirapo ya mamilimita 120, chifukwa yaikulu imakankha mphepo yambiri ikuzungulira pang'onopang'ono. Ikhalenso ya mawaya anayi: awiri a moto wa mavoti 12, lachitatu lonena liwiro, lachinayi loti kompyuta iziuza fani kuti “fatsa” kukazizira. Anatchula ina ya ku Austria, dzina lake Noctua, imene akuti sumva n'komwe kuti ikuzungulira. Atatchula mtengo ndinapempha madzi akumwa. Tinagwirizana za yapakaunjika, yochotsa m'kompyuta ina imene inatisiya, pamodzi ndi chitsulo chake.

Anapukuta phala louma pamwamba pa purosesa n'kudonthezapo latsopano, kadontho kamodzi pakati. Poona kakachubu kake ndi ndalama imene ankafuna, ndinati kunyumba ndili ndi mankhwala otsukira m'mano, nawonso ndi oyera ndipo amazizira. Sanayankhe. Anangokanikiza timapini tinayi, ili ndi lopingasana nalo, kha! kha!, n'kuyatsa. Zii. Ndinati waipha, ndibwezere ndalama. Anandilozera sikirini, ili nyezinyezi.

Mavuto anayamba nditafika kumudzi. Kasitomala woyamba anayang'ana pansi pa tebulo n'kufunsa kuti, “Achimwene, mwayatsa koma?” Wachiwiri, mdala wovala kanzu, anakana kulipira mtengo wakale. Akuti kale makina ankachita kumveka kuti akukhetsa thukuta, koma tsopano akungogona, ndiye alipira theka. A kabaza akufalitsa zoti bizinesi yagwa.

Chopweteka n'choti phokoso lija linkandibisira zambiri. Tsopano mzere wonse ukumva mmene ndimataipira: ta... kenako chete, ndikusakasaka Q... ta. Zala ziwiri basi, ndipo china ntchito yake n'kufufuta. Mimba ikalira masana, amene wakhala pabenchi amandipepesa. Mayi wa mandasi akabwera kudzalonjerera ngongole, kale ndinkangoloza khutu n'kukuwa kuti “Sizikumveka, makina!” Dzulo anachita kunong'oneza ali pakhomo, ndipo ndinamva mpaka tambala yomaliza.

Ndiye ndinapeza nzeru. Fani yakale ija ndinabwera nayo, ndipo batire la sola ndi la mavoti 12 omwewo. Ndinati ndiimangirira pansi pa tebulo, kasitomala akalowa ndizigundanitsa mawaya ndi phazi. Ndinafunafuna m'katoni, osaipeza. Ndikutuluka panja ndinamva kutsokomola kodziwika kuseri kwa nyumba. Mayi a kunyumba ayilumikiza kubatire lija, ayilozetsa pambaula, makala ali psuu, usipa ukuwira.

“Mayi a mwana, chimenecho n'chipangizo cha ofesi,” ndinatero, “komanso pali nkhani ya chitenje chanu, chinang'ambika panjinga.”

Analoza khutu. “Mwati chani bambo? Sizikumveka, makina!”